Pamene Panali Matenti

Dzina loti a Zikhomo analitenga kuntchito, ndipo linawatsatira mpaka pakhomo. Ana a m'nyumba zoyandikana ankayesa n'la makolo. Eni akewo sankadandaula nalo, moti ukawaitana choncho ankacheuka msanga kuposa ukawaitana ndi dzina la pachitupa. Linachokera ku zikhomo zokhomera zingwe za matenti, pakuti ntchito yawo, kuyambira ali mnyamata wopanda ndevu mpaka imvi zili mbuu, inali yodzutsa ndi kugwetsa matenti a alendo odzaona nyama m'nkhalango yotetezedwa ndi boma.

Kampu yawo musaiyerekeze ndi mahotela mukuwadziwawa. Unali mudzi wa nsalu, wokhala ndi moyo nyengo ya chilimwe yokha. Mvula ikasiya, matope a mumsewu n'kuuma, lole inkadzawatenga pamsika n'kupita nawo kutali kumene kunalibe sitolo kapena tchalitchi. Kumeneko, m'mphepete mwa mtsinje, pansi pa mivunguti ndi mikuyu, ankapeza udzu wolekeza m'chiuno basi. Posakhalitsa pamalopo pankakhala pataima matenti ogona alendo, tenti yaikulu yodyeramo, khitchini, ndi timatenti ta antchito kuseri kwa zitsamba. Mlendo akatsika m'galimoto ankayesa zonsezo zinamera zokha.

Zingwe za masiku amenewo zinali za khonje, nsalu zake za thonje lokhuthala, ndipo zinkamva nyengo ngati mawondo a nkhalamba. Zikanyowa ndi mame zinkakungika mpaka kuzula chikhomo, zikauma ndi dzuwa zinkalendewera. Ndiye dzuwa likapendeka a Zikhomo ankayenda tenti ndi tenti kukhwefula zingwe, m'mawa likakwera n'kubwereranso kukazikunga. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Wina akanatopa nazo, koma iwo ankaikonda ntchitoyo monga mmene ena amakondera mpira. Fungo la nsalu ya tenti ikamawotchedwa ndi dzuwa ankati limaposa perefyumu aliyense amene alendo ankabwera naye.

Ndipo nkhani za kumeneko sizinkatha m'kamwa mwawo. Kunali a Mchere, wophika, amene ankawotcha buledi m'bokosi la malata lokwirira ndi makala, akukangana ndi apusi tsiku lonse ngati anthu a mtundu umodzi. Kunali fisi amene anaba nsapato ya mlendo wina n'kuibweza mawa lake yopanda chidendene. Kunali mwini kampu, mayi wamtali amene antchito ankamutcha a Chipewa chifukwa palibe anaonapo pamutu pake. Kunalinso njovu yamphongo ya mnyanga umodzi, imene anaipatsa dzina loti Akapitawo popeza chaka chilichonse inkabwera kudzayendera ntchito. Inkadutsa pakati pa matenti mwaulemu, kukweza mwendo pa chingwe chilichonse, osadula n'chimodzi chomwe, kenako n'kukathyola mtengo umene a Mchere ankayanikapo matawulo.

Koma ntchito imene a Zikhomo ankanyadira kwambiri inali yogwetsa. Lamulo la oyang'anira nkhalango linali lakuti mvula isanagwe, kampu ichoke yonse, tchire libwerere kwa eni ake. Mitambo ikayamba kusonkhana, alendo omaliza atapita, iwo ankatsogolera anzawo kuzula chikhomo chilichonse n'kutseka bowo lake ndi chidendene. Phulusa ankaliwolera m'matumba. Miyala ya pamoto ankaitsuka n'kuibweza kumtsinje kumene anaitola. Tinjira ta pakati pa matenti ankatigaula ndi khasu n'kuwazapo masamba ouma. Pomaliza, anzawo onse atakwera, a Zikhomo ankayenda chafutambuyo ndi nthambi m'manja, akusesa mapazi awo mpaka kukafika pa lole. Akulu amati ukayenda siya phazi, koma kumeneko ngakhale phazilo linali loletsedwa. Woyendera wa boma akabwera n'kufunsa kuti, "Kodi paja kampu inali pati?" a Zikhomo ankamva kukoma mumtima mpaka dzinja lonse.

Dzinjalo ankalithera kunyumba, kwa akazi awo, amene tsopano aliyense amawatcha amake Nesi chifukwa mwana wawo woyamba anadzakhala namwino. Mayiwa anali ndi makina osokera pakhonde ndiponso lilime losafuna kunola. Kampu ija sankaitchula dzina lina koma "mkazi mnzanga".

"Mnzangayo ndi wochenjera," ankatero akupalasa makina. "Amatenga mwamuna nyengo yabwino, ine n'kundibwezera wa matope, woti azindiuza za njovu denga likudontha."

Zaka zoyambirira anali macheza chabe, ndipo onse ankaseka. Kenako chaka china, pakati pa chilimwe, mwana wawo wachiwiri, wamwamuna, amene anali atangoyamba kuyenda, anatentha thupi n'kumwalira. Foni kunalibe. Uthenga unadikira lole yopereka zakudya kukampu, ndipo unafika maliro ataikidwa kale. A Zikhomo atapatsidwa mpata wobwera, anaima pakhomo chipewa chili m'manja, m'maso muli gwa, n'kungoti, "Pepani, amayi." Anapita kumanda, anakonza chitseko chimene chinali chitaguluka, kenako anabwerera kuntchito poti alendo anali akadalipo. Amake Nesi sanawafunse kanthu. Koma maso ouma aja sanawaiwale, ndipo kuyambira pamenepo nthabwala ya mkazi mnzawo inkatuluka ndi minga.

Zaka zinapita. A Chipewa anakalamba n'kugulitsa kampu, ogulawo anakamanga malo ena kumunsi kwa mtsinje, a Mchere anatsogola, ndipo a Zikhomo anapuma ntchito. Apa m'pamene anazindikira kuti analibe choonetsa. Mmisiri wa nyumba amaloza khoma n'kunena kuti ndinamanga ndine. Mphunzitsi amakumana ndi ana ake pamsewu. Iwo zithunzi anajambulidwa zambirimbiri, koma zinapita ndi alendo kumayiko awo. Akayamba nkhani ya Akapitawo, adzukulu ankazemba mmodzimmodzi, amake Nesi n'kuponyapo mawu osakweza mutu pa makina: "Nkhani zanu, abambo, zilibe mboni." Mawu amenewa ankawapweteka kuposa mmene ankaonetsera. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi: akazi awo akaone ndi maso awo kumene kunapita zaka zonse zija, adziwe kuti sanawasiye okha chifukwa cha zachabechabe.

Nesi, mwana wa maso akuthwa, anaziona zimenezi. Tsiku lina anafika ndi nkhani yoti wawakonzera ulendo wokagona kukampu yatsopano ija ngati alendo.

"Ababa mukapume, amama mukaone nyama. Ndipo musakakanganeko, chonde, mungakathawitse mikango."

"Ine nyama ndilibe nazo ntchito," anatero amake Nesi, akusankha kale nsalu yoti akavale. "Ndikufuna ndikamuone mnzangayo, ndione chimene anandiposa."

Anafika masana dzuwa likuswa mtengo. Mayi wolandira alendo anawapatsa timatawulo tonyowa komanso madzi a zipatso oti amwe, ndipo a Zikhomo, mmalo mokhala pansi, anathamangira kukanyamula zikwama. Anachita kuwalanda. Atawalowetsa m'tenti yawo, anaima pakati n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wapeza mlendo atavala jekete lake. Tentiyo inali pa nsanja ya matabwa, ili ndi chitseko cha loko, magetsi, mpope wa madzi otentha, ndi chimbudzi chogejemula. Anatuluka n'kukagwira chingwe. Chinali cha nayiloni, chongokongoletsa, pakuti nsalu yonse inagwiridwa ndi zitsulo zozikidwa mu simenti.

"Iyi si tenti, amayi," anatero atabwerera. "Ndi nyumba yovala malaya."

Amake Nesi sanawamve n'komwe. Anali atakhala pa bedi lalikulu la nsalu zoyera, akudzinyamula n'kudzigwetsa kuti amve kufewa kwake.

"Kani mnzangayu ankakulerani chonchi? Ndiye mukanabwereranji kwa ine wa bedi lolira?"

"Ayi, amayi, ine m'tenti ya alendo sindinagonemo chibadwire. Ndinkangolowamo ndi tsache."

"Eya, nenani zimenezo."

Madzulo ake a Zikhomo anavutika. Dzuwa litapendeka manja anayamba kuwayabwa, koma panalibe chingwe choti akhwefule. Patebulo lodyera anakhala kumapeto kwa mpando, ndipo woperekera zakudya akafika ankafuna kuimirira, mpaka akazi awo anawaponda phazi. Maso awo ankangothawira ku kanjira kopita kukhitchini, kumene kunkamveka kuseka kwa antchito. Kumeneko n'kumene kunali kwawo. Komabe sanadandaule kwambiri, chifukwa mumtima ankati izi n'zongodutsa, zenizeni akaziona mawa.

M'mawa anavala shati yoyera imene anaisita okha asananyamuke kunyumba. Anapempha dalaivala woonetsa alendo nyama, bambo wa mawu ochepa amene ankayenda ndi mfuti pambali pa mpando, kuti awapititse kumtunda kwa mtsinje, pamene panali kampu yakale.

"Kunali kampu kumeneko, madala?" anafunsa dalaivalayo. "Ine ndimadutsako kawirikawiri, koma sindinamvepo."

"Tiyeni, ndikakuonetsani," anayankha a Zikhomo, chifuwa chili patsogolo.

M'njira amake Nesi, amene ankati nyama alibe nazo ntchito, anakuwa ataona mbidzi, anaseka mayendedwe a njiri mpaka misozi, ndipo njovu zitadutsa pafupi ndi galimoto anagwira mkono wa amuna awo mwamphamvu, chinthu chimene anali asanachite pagulu chikwatiwire. A Zikhomo ankaloza njira ngati mwini munda: apa mukhote, apo mudutse kumanzere kwa mlambe. Mitengo inali ikuwadziwa. Mtima unkagunda ngati wa mnyamata wokaonetsa mkazi kwa makolo.

Galimoto itaima, dalaivala anatsika kaye n'kuyang'ana mbali zonse, kenako anawalola kutsika. A Zikhomo anatsogola mofulumira, anazungulira chitsamba, n'kuima chilili.

Panali udzu. Udzu wolekeza m'chiuno, mivunguti ikulendewetsa zipatso zake, ndowe za njati, ndi mtsinje ukuyenda mwakachetechete kutsidya kwa mchenga. Mkuyu umodzi unali utagwa n'kuwola. Basi.

Munthu angafunse kuti kodi ankayembekezera kupeza chiyani, poti anagwetsa okha n'kusesa okha. Mutu wawo unkadziwa bwino lomwe, koma mtima panalibe anauuza. Zaka zonsezi akatsinzina ankaona kampu ili chiimire, utsi wa a Mchere ukukwera, matawulo ali pamtengo, ndipo mwanjira ina yake ankakhulupirira kuti akazi awo akafika pamalopo aziona nawonso.

"Apa panali tenti yodyeramo," anayamba, akuloza. "Khomo lake linkayang'ana kumadzi. Apo panali khitchini. Uko, pamene pali chitsamba icho, ndi pamene Akapitawo ankadutsa."

Chala chinkaloza udzu, n'kusuntha, n'kulozanso udzu. Anayamba kupalasa pansi ndi nsapato, kufunafuna chikhomo chimodzi chokha choiwalika, mwala umodzi wakuda ndi moto, ngakhale chitsekerero cha botolo. Anawerama, anapatula udzu ndi manja, shati yoyera ija n'kudzaza zisoso. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analakalaka akanakhala munthu wogwira ntchito mwaulesi. Koma a Zikhomo sankaiwala chikhomo. Dalaivala ankangogwedeza mutu mwaulemu, monga timachitira ndi nkhalamba zikamakamba zakale, kenako anasuntha n'kukaima pamthunzi chapatali.

A Zikhomo anaima manja ali lende, akudziona mmene ankaonekera: nkhalamba yoloza tchire. Anachita manyazi, ndipo anamva chisoni chachikulu, chifukwa moyo wawo wonse unali pamenepo ndipo panalibe chilichonse. Anadikira nthabwala. Ankadziwa kuti ibwera, ndipo ankadziwa kuti ulendo uno sakanatha kuiseka.

Amake Nesi anayang'ana malowo nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Inuyo munkagona pati?"

A Zikhomo anawatsogolera kuseri, kutali ndi mitengo ya mthunzi, mpaka pafupi ndi chulu chachikulu pamene nthaka inali yolimba.

"Apa. Ine ndi a Mchere, mutu uku, miyendo uku."

"Mtsinje simunkauona?"

"Mtsinje unali wa alendo, amayi."

Amake Nesi anatembenuka pang'onopang'ono, kuona chulu, minga, ndi dzuwa limene linkagwa pamalopo popanda chotchinga. Atayankhulanso, sanawayang'ane amuna awo kumaso.

"Nanga uthenga wa mwana uja unakupezani pati?"

Chiikireni maliro aja, nkhani imeneyi inali isanatulukepo pakati pawo. A Zikhomo analoza chakumsewu.

"Cha apo, pamene pankaima lole. Anandiuza ndi dalaivala wake, ndili ndi nyundo m'manja. Tsiku lomwelo kunkafika alendo atsopano, ndipo pantchito pathu mlendo saonetsedwa nkhope yachisoni, poti wabwera kudzasangalala. Ndiye ndinamaliza kukunga zingwe, ndinanyamula zikwama, ndinamwetulira. Nditapeza mpata ndinabwera kuseri kwa chulu ichi ndi nsalu ya tenti yopindapinda, n'kuika nkhope m'menemo kuti mawu asamveke." Anapuma kaye. "Tsiku lililonse ndinkabwera, mpaka tsiku limene anandilola kunyamuka. A Mchere ankandisungira chakudya. Pofika kwa inu, amayi, ndinali nditauma. Ndinayesetsa, koma misozi sinatuluke."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena chiyani kwa munthu amene anaika mwana m'manda yekha? Kuti inenso ndinalira? Ndinaona ngati n'chipongwe."

Amake Nesi anayenda mpaka kuseri kwa chulu kuja, anapondaponda udzu, n'kukhala pansi ndi nsalu yawo yatsopano ija, miyendo atatambasula. Anakweza dzanja n'kukoka buluku la amuna awo.

"Khalani pansi, abambo."

Anakhala, mawondo akulira. Njiwa zinkalira m'mitengo, mvuu inafwenthera kumtsinje. Kenako amake Nesi anayamba kusimba za mwanayo, zinthu zimene bambo ake sanazione: mmene ankayendera atagwira mwendo wa makina osokera, mmene ankabisira mabatani m'kamwa, mmene ankathamangira kuchitseko akamva lole iliyonse ikudutsa. Anati manja ake anali a bambo ake, afupiafupi, ogwira chinthu osasiya. A Zikhomo anamvetsera, ndipo misozi imene inakana kutuluka pakhomo paja inatuluka tsopano, popanda nsalu yoibisira. Akazi awo analira nawo. Analira ngati maliro achitika dzulo, anthu awiri okalamba kuseri kwa chulu, mapewa atagundana.

Patapita nthawi dalaivala anatsokomola chapatali. "Pepani, makolo anga, dzuwa lakwera, ndipo njati zimakonda kudzera pano popita kumadzi."

Amake Nesi anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa nsalu, anamina, n'kuyang'ananso tchire lonselo.

"Ndiye mnzanga uja ndi ameneyu," anatero. "Zaka zonsezi ndinkachitira nsanje munthu wosauka chonchi. Sanakusiyireni ngakhale supuni."

A Zikhomo anaseka misozi ili m'masaya, chifukwa munalibenso minga m'mawuwo. Anadzuka, anawadzutsa akazi awo, kenako anayang'ana pansi. Pamene anakhala paja udzu unali utagona, malo a anthu awiri oyandikana. Manja anapita okha. Anawerama n'kuyamba kuudzutsa udzuwo, phesi ndi phesi.

Amake Nesi anawagwira pamkono.

"Pasiyeni."

"Lamulo la kuno, amayi, munthu sasiya..."

"Munapuma ntchito, abambo. Pasiyeni choncho. Paoneke kuti panakhala makolo a munthu."

A Zikhomo anaima chowerama kanthawi, udzu uli m'manja. Kenako anausiya, anawongoka, n'kutsatira akazi awo kugalimoto, akuyenda choyang'ana kutsogolo.